Moni wa Pachitsulo

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Nsanama, azimayi ogulitsa tomato amayamba kugogoda mabeseni awo uku akuseka. Ndimangoyenda ngati sindikumva, koma mlandu wanga ndikuudziwa.

Nditakwatira, ndinakakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga. Apongozi aamuna anagwira ntchito ku njanji kalekale, nthawi imene mauthenga ankayenda pa waya ndi timadontho ndi timizere. Ine sankandiwerengera. Ndikawapatsa moni ankangoti "mmm", maso ali pa wailesi. (Sindikuwada ayi. Ndinakulira m'tauni ya Balaka, ndipo mizere yanga kumunda inkakhota ngati njoka.) Komabe zinkandiwawa. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha andiyang'ane ngati munthu.

Ndiye ndinapeza nzeru: ndiwapatse moni m'chinenero chawo cha kunjanjicho. Ndinafufuza pafoni. MONI ndi zilembo zinayi zokha: mizere iwiri, mizere itatu, mzere ndi kadontho, kenako timadontho tiwiri. Sabata yathunthu ndinkagogoda pa mpini wa khasu, pa chitseko, ngakhale pa bondo la mkazi wanga, mpaka anandifunsa kuti, "Bambo, kodi mutu ukuyenda bwino?"

Vuto linali lakuti thabwa sililira motalika, ndiye mzere sunkasiyana ndi kadontho. Tsiku lina masana ndinaona chidutswa cha njanji chopachikidwa pa mtengo wa mango, pafupi ndi nyumba ya apongozi. Ndinati basi, Mulungu wandiyankha. Ukachimenya n'kuchisiya chimalira nthawi yaitali, umenewo mzere. Ukachigwira msanga, kadontho. Apongoziwo anali gone m'nyumba ndi malungo, ndipo ndinaganiza kuti moni wanga uwasangalatsa.

Ndinatola mwala. Ngoo, ngoo. Ngoo, ngoo, ngoo. Pang'onopang'ono, mwaulemu. Ndinabwereza katatu kuti amvetsetse.

Palibe amene anandiuzapo kuti m'mudzimo chitsulo chimenecho chimalizidwa choncho pakagwa maliro basi.

Oyamba kufika anali apongozi aakazi, kuchokera kudimba, manja ali kumutu: "Mayo ine! Amuna anga andisiya!" Pambuyo pawo azimayi a mpingo, ena atayamba kale nyimbo. Wina anali atathyola kale nthambi kukaika pamsewu. Che Amidu, mwini golosale, anatseka ndi golosale yomwe n'kuthamangira. Ine chilili, mwala uli m'manja.

"Atisiya nthawi yanji?" anandifunsa Che Amidu.

"Iyayi, ine ndimangopereka moni."

"Moni? Kwa ndani?"

Chitseko chinatseguka. Apongozi aamuna aja anatuluka atafunda bulangeti, azimayi awiri n'kuliyatsa liwiro la kuchimanga. Anayang'ana khamulo, kenako anayang'ana ine (koyamba chikwatirireni!). Anandilanda mwala, n'kugogoda pachitsulo paja mwachangu, ngoo-ta-ngoo-ta, n'kubwerera kukagona. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, chonsecho ndinkadziwa zilembo zinayi zokha.

Atachira anandiitana. "Mkamwini, dzanja lanu ndi lolemera, koma zilembo munalondola. Khalani apa."

Miyezi itatu ankandiphunzitsa pakhonde, ndi supuni ndi mbale. Nditadziwa zilembo zonse, ndinawapempha abwereze zimene anandiyankha tsiku lija. Anagogoda pang'onopang'ono, ine ndikulemba papepala: C, H, I, T, S, I, R, U.

Chitsulo chija sindinachikhudzenso. Koma abale, ndinakondwa. Anali mawu oyamba amene apongozi anandiyankha ineyo, ndipo pepalalo ndikulisungabe m'Baibulo.