Mayi Wachipewa wa M'chipululu

Abale anga, poti nkhaniyi yafika kale ku Gorbals, dera lina la Glasgow, itamera nyanga ndi mchira, ndi bwino muimve kuchokera kwa mwiniwake.

Ine mukundidziwa. Ndinaphunzira pamishoni, kumene ukachedwa belu unkapatsidwa khasu, ndipo mpaka lero nsapato zanga zimagona pamzere, zoyang'ana kukhomo. Mumpingo wathu kuno ku Glasgow ndine mkulu woona za maukwati. Mwamuna akayamba kuyenda njira ziwiri, womuitanira pambali ndine. Ndiye akulu anzanga atandipempha kuti Loweruka lina ndikaphunzitse mabanja achinyamata muholo yathu ku Govan, ndinavomera msanga, pakuti chithunzi choyenera phunzirolo ndinali nacho kale.

Chithunzicho chinachokera ku Amereka. Chaka chatha ine ndi mayi akunyumba, aNajere, tinakacheza kwa mwana wathu Tadala, amene ndi namwino kumeneko, ndipo anatitengera kupaki ya boma ya m'chipululu. Koma kuli miyala, abale! Yofiira ngati njerwa zootcha, ina yaima ngati nkhokwe, ina ngati musi wozika pansi, ina yabooka pakati moti basi ikhoza kudutsa osakhudza. Mtengo wa mthunzi osauona ndi umodzi womwe. Nditaona thanthwe lina lalikulu, lokhazikika bwino, mtima unati: ukwati ndi umenewu.

"Tadala, jambula kuti miyala yonseyi ilowe, kuyambira uko mpaka uko."

Anati pafunika panorama, kujambula kuja munthu amagwira foni n'kumatembenuka nayo pang'onopang'ono, chithunzi n'kutuluka chachitali ngati lamba. Ndinati zili bwino, koma tichite mwadongosolo. Ine pakati, patsinde pa thanthwe. Mayi ake kudzanja langa lamanja, chapatali ndithu, pakuti ife akale sitikolekana manja m'khosi pagulu. Ndipo atembenuke modekha, osati mothamanga ngati waba nkhuku.

"Bambo a Tadala, dzuwali litiwamba," anadandaula aNajere, ali mu duku ndi juzi yomwe ananyamuka nayo ku Glasgow.

"Dongosolo kaye, mthunzi pambuyo."

Ndinakonza taye. Inde, ndinavala taye m'chipululu, pali mlandu? Ndinaima njo, maso patsogolo ngati msilikali, osacheuka uku kapena uku, mpaka Tadala anati zatheka. Mwanayo ankaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ine ndinangoti ndi chimwemwe choona makolo.

Titabwerera kwathu ku Shawlands ndinachiona chithunzicho pafoni. Koma panorama pafoni ndi kamzere chabe, anthu ngati nyerere. Ndinakulitsa pakati, ndinaona taye ili yowongoka, thanthwe lili bwino, basi ndinakhutira. Tsiku la phunziro litayandikira, ndinachitumiza kwa a Gondwe, mkulu mnzanga amene amayendetsa pulojekita, makina oonetsera zithunzi pakhoma. Posakhalitsa foni inalira.

"Achimwene, chithunzi ichi mwachionetsetsa?"

"A Gondwe, ine ndinayamba ndaperekapo chinthu chosaunika?"

"Ndiye tionetse chonse?"

"Chonse. Ine ndilibe chobisa."

"Chabwino, achimwene," anatero, mawu akunjenjemera. Ndinayesa ndi chimfine.

Loweruka linafika ndi mvula yake ija ya kuno yosadziwa kukata. Holo inadzaza: a m'banja atsopano, otomerana, ndi amayi akuluakulu obwera ndi mafulasiki a tiyi ndi mandasi. ANajere anakhala kutsogolo, duku lili nga, manja pamiyendo. Tsono pamishoni anatiphunzitsa kuti mphunzitsi safulatira kalasi. Choncho a Gondwe atayatsa makina, ine ndinaima choyang'ana anthu, n'kumaloza khoma la kumbuyo kwanga ndi kandodo.

"Taonani pamene paima mwamuna wanzeru," ndinayamba motero. "Pathanthwe!"

Holo yonse zii. Ndinati mawu alowa.

Kenaka ndinati ndiyamikireko miyala ija. "Yang'anani kumanja kwanga. Yang'ananinso kumanzere kwanga. Kukongola kokhakokha! Munthu sungasankhe kuti kwaposa ndi kuti. Ine mtima unangoti, konseku ndikanyamule, ndipite nako ku Glasgow."

Mayi wina anatsamwa ndi tiyi. Kumbuyo kunamveka kuseka kotsekereza ndi dzanja, kenaka mzere wonse unagwa. Ndinamenya tebulo ndi kandodo.

"Pano si pamsika! Chikukusekesani n'chiyani? Zaka zonsezi ndakhala ndikukuuzani kuti mwamuna mmodzi, mkazi mmodzi, ndipo umboni wa moyo wanga ndi umenewu uli pakhomawu!"

Aa, ndinangothira palafini pamoto. Ena misozi inali mbwee. Mwamuna wina amene ndinamudzudzula mwezi womwewo chifukwa cha mauthenga okayikitsa a pafoni anaimirira n'kuomba m'manja.

"Achimwene," anatero a Gondwe, "lero lokha fulatirani kalasi."

Ndinacheuka.

Mayo ine! Khoma lonse linali chipululu, miyala yofiira kuyambira pawindo mpaka pachitseko. Pakati ine ndi taye yanga. Kumanja kwanga aNajere, mu duku ndi juzi, aulemu wawo. Koma kumanzere kwanga, pamwala wa pamthunzi, panakhala mayi wina: chipewa chachikulu, magalasi akuda, mikono pamtunda, mwendo pamwamba pa unzake, akundiyang'ana ndi kuseka ngati tinadziwana kalekale. Ine pakati pawo, chifuwa patsogolo, ngati bambo wamitala tsiku la Khirisimasi.

Dzina limene ndalisunga ngati dzira, lisweke chifukwa cha foni? Ndinadziona ndili pabwalo la akulu a mpingo, pampando uja ndimakhazikapo anzanga. Munthu wanzeru akanakhala chete n'kuyang'anitsitsa. Kodi ine ndinakhala chete?

"Mayi uyo sindikumudziwa!" ndinakuwa. "Ndi wongodutsa, walowerera chithunzi cha eni. Taonani kavalidwe komwe! Mutu wopanda duku, magalasi ngati kondakitala wa minibasi. Ine ndingayende ndi munthu wotere?"

"Mukutsimikiza, achimwene?"

"Sindinamuonepo chibadwire."

"Tikulitse?"

"Kulitsani, choonadi chioneke!"

A Gondwe anakulitsa. Choyamba ndinaona chikwama, chomwe chija ndinagula ndekha mumzinda muno tsiku lokumbukira ukwati wathu. Kenaka mphete. Kenaka nkhope inadzaza khoma, ndipo pakati pa mano akutsogolo panali kampata kaja, kamene kanandisowetsa tulo ndili mnyamata mpaka ndinatuma ankhoswe. Pakanakhala tambala pafupi, bwenzi atalira.

ANajere anaimirira mosafulumira, nakonza chitenje, natembenukira kwa anthu.

"Ana anga, musawaweruze bambo anuwa, mitala alibe. Foni itandidutsa ine ndinati yanga yatha. Ndinazungulira kumbuyo kwa Tadala, ndinavula duku ndi juzi, ndinatola chipewa ndi magalasi ake pachikwama, n'kukakhala pamthunzi. Poti analamula kuti foni iziyenda ngati kamba, inandipezanso kumeneko. Ndinkaseka iwowa, ataima ngati mtengo wa magetsi, thukuta lili kamukamu."

Ndinapuma. Ndinati ndapulumuka, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndibwerere kuthanthwe. Koma anakweza dzanja.

"Sindinathe. Lero ndamva ndi makutu anga, pamaso pa mboni. Mkazi wawo ndi wa dukuyo, winayo sanamuonepo chibadwire. Chabwino. Koma wa duku uja ntchito yake ndi kupita kutchalitchi basi. Amene amaphika kunyumba, amene amasita makolala awo, ndi wopanda dukuyo. Ndiye madzulo ano tiona kuti akadya kwa ndani."

Holo inaphulika. Amayi analuluta ngati pachinkhoswe. A Gondwe anagona ndi mutu patebulo, mapewa akugwedezeka, pulojekita n'kumavina nawo, chipululu chonse chikugwedera pakhoma. Thanthwe langa losagwedezeka lija!

Ndinaika kandodo pansi. Ndinapepesa pomwepo, pamaso pa ana amene ndinabwera kudzawaphunzitsa, ndipo ndinapepesa kawiri, kwa wa duku ndi kwa wachipewa. ANajere anati wa duku wakhululuka chifukwa ndi mkhristu, koma winayo akaganiza kaye.

Anaganizadi. Madzulo amenewo ndinadya buledi ndi tiyi wopanga ndekha, ndipo Lamulungu m'mawa ndinalowa m'tchalitchi ndi kolala yokhala ndi chizindikiro cha simbi. Pakhomo a Gondwe anandigwira chanza mwaulemu wonse.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Nanga kunyumba adzuka bwanji, onse awiri?"

Ndiye mundimve, abale anga. Panorama ine ndinasiya, ngakhale mutandionetsa miyala yagolide. Ndipo masiku ano wina akatulutsa foni kuti atijambule, mudzaona ndawagwira dzanja aNajere zolimba, pagulu pomwe. Musati mkulu wa mpingo wayamba zamakono ayi. Ndikungoopa angachulukenso.