Galimoto Yofiira ya Anthu Anzeru

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunga chifukwa cha ulemu, mudagwa chitukuko chodabwitsa. Amuna amene ankalephera kulambula ngakhale kanjira ka kuchimbudzi adayamba kukuza njira zopita kunyumba zawo. Mitengo ya mango idagwa, zitsa zidazulidwa. Ukafunsa, aliyense ankati akuopa njoka. M'mudzimo mudalibe galimoto ngakhale imodzi.

Nankhoma, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa, sadakuze njira yake poti adalibe womugwirira nkhwangwa. Koma naye adali ndi chinsinsi. Pafoni pake padabwera uthenga woti wapata galimoto yofiira pa mpikisano umene sadalowe n'komwe. Bambo wina waulemu adamuimbira n'kumuchenjeza kuti asauze munthu, chifukwa anansi ndi ansanje. Apa ndiye adamufika pamtima, pakuti ndani sadziwa kuti mwayi ukaulengeza umalodzedwa? Adagulitsa mbuzi zake ziwiri n'kutumiza ndalama ya msonkho. Atauzidwa kuti atumizenso ya mafuta, adasuzumira m'khola lopanda kanthu, nzeru n'kumubwerera.

Kulakwa kwake kwenikweni kudali kuulula. Adakadandaula ku Komiti Yaikulu Yoteteza Anthu Osachangamuka. Wapampando wake adali a Chimbalanga, Mlangizi Wamkulu wa Zochenjera, munthu amene sadapusitsidwepo chibadwire, malinga ndi umboni wa eni akewo. Njira ya kwawo ndiyo idali yotakata kuposa zonse.

Komiti idamuthandiza mwachangu. Poyamba idamuseka. Kenako idagamula kuti akhale Chitsanzo cha Mudzi: tsiku lililonse la msika aziimirira pachulu n'kumafotokoza kupusa kwake kuti ena atengerepo phunziro. Za mbuzi palibe adafunsa. Nankhoma zidamupweteka kwambiri. Mbuzi zimaswana, koma dzina likapita lapita, ndipo ndani angagule zitumbuwa za chitsiru? Akamapita kumjigo, amayi anzake adali atayamba kale kumufunsa ngati wabwera wapansi.

Mwambo womuika pa udindowo udachitikira pabwalo la mpira. A Chimbalanga adalankhula ola lathunthu, nakumbutsa mayiyo kanayi konse kuti safunsa adadya phula. Pomaliza, pofuna kuonetsa m'mene amuna amazazira mbava, adapereka foni yawo kwa mlembi wa komiti, a Kamwendo, kuti aimbe nambala imene Nankhoma atchule, ndipo aike pa sipika kuti aliyense amve.

Idangoitana kamodzi.

"Aa, bwana Chimbalanga," adatero mawu aulemu aja. "Ya mafuta ija talandira. Yatsala ya matayala basi, galimoto yanu yofiira inyamuka mawa."

Nankhoma adayembekezera kuti tsopano kuseka kusamukira kwina, koma palibe adaseka. M'malo mwake a Kamwendo adatsokomola.

"Pepani a wapampando, yofiirayo ndi yanga. Ine ndinalipira kale mpaka matayala."

Mkulu wa mpingo adaimirira n'kunena kuti onse awiri akulota, iye adauzidwa ndi nambala yake yomwe ya galimotoyo. Wogaya chimanga adati adagulitsira njinga. Posakhalitsa aliyense wa njira yotakata adali chilili, kuloza mnzake chala. Nankhoma adawerenga mitu n'kupeza kuti m'galimotomo sakadakwanamo ngakhale atapakirana ngati matumba.

Komiti idakhala upo pomwepo, ndipo chigamulo chake chidali chanzeru monga mwa nthawi zonse. Popeza akuluakulu ambiri chotere sangapusitsidwe, galimoto ilipo ndithu, mwini wake adziwika ikafika. Yabodza idali ya Nankhoma yekha, motero udindo wake sadamulande.

Mawa lake anzeru onse adavala majekete n'kukakhala kumsewu waukulu, aliyense kuopa kuti akachokapo mnzake alandira makiyi. Adakhala tsiku limenelo, ndi mkuja wake, ndi sabata yotsatira. Tsiku la msika Nankhoma adakwera pachulu monga adalamulidwira, koma sadapeze womulalikira. Adatsika, nasenza beseni lake la zitumbuwa, ulendo wa kumsewu, pakuti kudikira kumautsa njala.

Pofika nthawi yokolola, chitsiru cha mudzi chidali chitagula mbuzi zitatu. Anzeru akadali kumsewu, ndipo akuti yatsala ya woyendetsa basi.