Sabata Imene Kompyuta Yanga Inawotcha Nkhungu

Lolemba, 24 Novembala 2008

Yatheka! Kompyuta yanga ya magemu yaima pa tebulo. Chaka chathunthu ndakhala ndikutolera zipangizo, chilichonse chobwera pa sitima ya pamadzi: bokosi kuchokera ku Mzuzu, purosesa (ubongo wa kompyuta) kwa mnzanga wa ku Lilongwe, khadi la zithunzi kwa msuweni wanga, lokulungidwa mu sokosi. Ndamanga ndekha, ine mphunzitsi wa masamu. M'kati mwake muli kafani kowala buluu. Likoma yonse palibe wina ali nacho chotere.

Pulani ndi iyi: Loweruka mpikisano wa gemu ya mpira panyumba pano. Zaka zonsezi ndili pachilumba, ndinakwatira pompano, koma amuna a pa bawo ku Chipyela amanditchulabe "mlendo wa ku Dedza". Loweruka adziwa kuti mlendoyo ali ndi dzina.

Ndayatsa. Osewera akuthamanga bwinobwino. Kenaka ayamba kutsimphina, mpira ukuima m'malere ngati ukuganiza kaye kopita, kenaka phi! Yazima yokha. Bokosi likutentha ngati simbi yositira zovala.

Palibe chodandaula, ndi kutentha kwa Novembala basi. Ndabwereka fani ya kuchipinda.

Fani imeneyi ndi ya Esita, mkazi wanga, amene ali ndi pakati ndipo masiku ake ayandikira. Mawu ake: "Fani yanga ibwerere kuchipinda pofika Loweruka. Apo ayi, mukandipeza kwa amayi ku Yofu." Wanena mosakweza mawu, akusenda chinangwa. Pofika mawa vutoli likhala litatha, ndiye sindikuona chifukwa choti tikanganirane.

Lachiwiri, 25

Fani ya Esita yapemerera bokosi m'mawa wonse. Ndikufika pakati pa gemu, phi!

China chondisokoneza n'chakuti masana a magetsi amazimitsa injini yawo kuti ipume. Ndiye kompyuta ikazima ndimayamba ndathamanga kukayatsa babu, kuti ndidziwe wolakwa ndani. Lero kawiri wolakwa ndi kompyuta, kamodzi a magetsi.

Zomwe ndayesa:
- Kuchepetsa kukongola kwa zithunzi. Osewera tsopano alibe nkhope, udzu uli ngati bolodi la m'kalasi. Yazimabe.
- Kuikhazika pa njerwa kuti mphepo izidutsa pansi.
- Kuichotsa pafupi ndi khoma.
- Kuichonderera.

Pamapeto ndamasula chitsulo choziziritsa chimene chimakhala pamwamba pa purosesa. Phala lopaka pakati pake lauma gwa! Phala lotere kuno kulibe. Wa sitolo ku Chipyela wamvetsera mwaulemu kwambiri, kenaka wanditulutsira girisi wa injini ya boti. Ndabwerako, ndapaka mankhwala otsukira mano. Nyumba yonse ikununkhira ngati m'kamwa mwa munthu waukhondo.

Esita wagona pa mkeka pakhonde, nsalu yonyowa ili pamphumi. Akuti, "Mwana wanu woyamba akupeza bwanji lero?" Funso labwino. Ndamuyankha mwatsatanetsatane, koma watembenukira kukhoma ndisanafike pa nkhani ya phala.

Lachitatu, 26

Nzeru zabwera! Mabotolo a madzi oundana, kuchokera mu filiji ya anamwino oyandikana nafe. Ndawandandalika pakati pa fani ndi bokosi. Gemu yathunthu osazima! Ndagoletsa chigoli ndi mutu, ndakuwa ndekha mpaka nkhuku zabalalika panja.

Chisangalalo chanditengera ku Chipyela. Ndaitana onse: a pa bawo, aphunzitsi anzanga, ngakhale wa girisi uja. Kudoko ndakumana ndi mlamu wanga Banabasi, mchimwene wa Esita, msodzi wa ku Mbungo. Akuti, "Alamu, ife tibwera boti lonse. Mpira wa m'bokosi sitinauonepo." Akuluakulu anati ukayenda siya phazi. Ine ndasiya mlomo kuyambira kumsika mpaka kudoko.

Pobwerera ndapeza mabotolo akutuluka thukuta, madzi akuyenderera kulunjika ku mawaya. Ndalumpha, ndatola nsalu zomwe zinali pafupi, ndapukuta. Kompyuta yapulumuka!

Nsaluzo ndi matewera atsopano a mwana, amene Esita anachapa ndi kusita dzulo. Wawatola limodzilimodzi, wawaponya m'beseni. Ndamufotokozera kuti madzi oundana ndi madzi oyera kwambiri. Zikuoneka kuti mfundo imeneyi sinamufike.

Mtima ukunditsutsa pang'ono ndikamuona akuyenda mogwira msana. Koma kwatsala masiku ochepa, adzaseka yekha.

Lachinayi, 27

Anamwino akuti filiji yawo si ya boma. Madzi oundana atha.

Njira yatsopano, ndipo iyi ndi ya sayansi yeniyeni. Ndachotsa chivundikiro cham'mbali cha bokosi, ndasunthira tebulo pa zenera loyang'ana kunyanja, ndatsekula zenera mpaka kumapeto. Mphepo yaulere! Fani ya Esita ikukankha mbali ino, nyanja ikukankha mbali inayo.

Masana kutali panyanja kukuoneka zipilala zakuda ngati utsi. Ndi nkhungu, tizilombo touluka tating'onoting'ono timene timatuluka m'madzi. Anthu a kuno amatikola ndi malichero, kutiumba n'kupanga ndiwo. Ine sindinadyepo, ndipo sizindikhudza.

Madzulo kafani ka buluu kakuwala pazenera, kukongola kwake! Ana odutsa akuima pamsewu. Magemu awiri osazima. Tizilombo tingapo tikuzungulira kuwalako, ndikungotithamangitsa ndi dzanja.

Esita ali kuchipinda: "Tsekani zenera, mwezi uli mumdima." Ndamufunsa kuti mwezi ukukhudzana bwanji ndi purosesa. Wangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Amanditchula choncho akakwiya, kapena akamandilemekeza. Ndasankha kuganiza kuti ndi ulemu.

Lachisanu, 28

Tsoka! Kafani kakulira ngati chigayo. Osewera akuyenda ngati ali pa maliro. Sindinafike n'komwe pogoletsa, phi!

Ndipo fungo lasintha. La mankhwala a mano latha, labwera lina lonona.

Apongozi afika kuchokera ku Yofu kudzaona mwana wawo. Asanakhale n'komwe pansi akweza mphuno. "Aphunzitsi, mukuwotcha nkhungu m'nyumba osatiitana?"

Ndasuzumira m'bokosi. Chitsulo choziziritsa sichikuoneka. Pali chikate chakuda, cholimba, chopsa bwino mbali zonse. Dzulo lonse kuwala kwa buluu kumaitana nkhungu, kafani kumazikokera m'kati, purosesa kumaziwotcha. Chaka chathunthu ndikutolera zipangizo pa sitima, kumanga chiwaya!

Ndakhala tsiku lonse ndikukokota ndi nthenga ya nkhuku, kupopa ndi pampu ya njinga. Ndatulutsa zodzaza kapu. Apongozi akuti ndisataye.

Kenaka ayang'ana mapazi otupa a Esita, ayang'ana fani imene yaloza bokosi, ayang'ana ine. Atuluka panja. Ndikanakonda akanandikalipira.

Vuto langa tsopano lili motere:
- Ndikatseka bokosi ndi zenera, ikutentha.
- Ndikatsekula, ikuphika ndiwo.

Koma nkhungu zadutsa dzulo, sizingabwerenso mawa. Ndikhulupirira choncho chifukwa ndilibe china chokhulupirira.

Apongozi agona konkuno. Esita akulongedza zovala mu dengu lalikulu. Zochapa, ndikuganiza.

Loweruka, 29

Tsiku lalikulu! Ndasesa, ndabwereka mabenchi kusukulu, mapadi awiri osewerera ndawapukuta.

M'mawa ndapita kwa Esita modzichepetsa. Ndapempha kuti fani ikhale mpaka alendo atapita, ndipo ikatero ndidzainyamula ndekha kukaiika pamutu pa bedi. Yankho lake: "Lero ndi Loweruka." Ndavomera kuti ndi Loweruka ndithu.

Dzuwa litapendeka watuluka ndi amayi ake. Dengu lili pamutu pa apongozi, Esita akuyenda pang'onopang'ono, dzanja pamsana. Ndawatsatira mpaka pa mlambe wa panjira ya ku Yofu. Ndinafuna kunena kanthu, koma kumbuyo kwamveka mawu a Banabasi ndi gulu lake akuti odi. Ndaima pakati pa njira ngati chitsiru. Ndabwerera kwa alendo. Ndalemba zimenezi kuti ndisadzanene kuti sindinkadziwa.

Nyumba yadzaza! A pa bawo, aphunzitsi, asodzi a ku Mbungo, ena pazenera. Ndayatsa. Buluu uja waa! Anthu: "Eee!" Banabasi wagwira padi ngati wagwira nsomba yamoyo. Mpira wayamba.

Kenaka kunja kwada msanga kuposa masiku onse.

Nkhungu! Osati za Lachinayi zija, izi ndi mtambo wathunthu, ndipo wonse ukulowera pa zenera langa. Sikirini yakuda bii. M'maso nkhungu, m'makutu nkhungu, m'kamwa nkhungu. Ndikukuwa kuti titseke zenera, Banabasi wandigwira mkono: "Alamu, musayerekeze! Malichero! Itanani azimayi abwere ndi malichero!"

Posakhalitsa m'nyumba mwanga muli azimayi a mzere wonse, anamwino a filiji aja ali patsogolo, akugwedeza malichero onyowa uku ndi uku. Aphunzitsi anzanga akukola ndi mapoto a Esita. Mkulu wina wa pa bawo akukola ndi chipewa. Mapadi ali pansi, akupondedwa.

Phi! Yazima. Anthu onse: "Aaa! Yatsaninso!"

Ndayatsanso. Osati gemu, palibe akufuna gemu. Akufuna kuwalako.

Zomwe ndamva pobalalika:
- "Nyale imeneyi ikuposa zathu za pa usipa."
- "Alamu, ingakwere boti?"
- "Mwezi wamawa tidzabweranso."
- "Zikomo kwambiri, Aphunzitsi a Nkhungu!"

Ndiye dzina ndalipeza. Palibe amene wanditchula mlendo lero. Andisiyira gawo langa pa tebulo, lokulunga m'tsamba la nthochi.

Lamulungu, 30

Kutchalitchi sindinapite. Belu ndalimvera pabedi.

Mapemphero atatha Banabasi wadutsa, wavala jekete, nkhope ilibe nthabwala za dzulo. Sanalowe. Waima pakhomo: "Achemwali akuti faniyo sungani. Amalume akuti mkazi wapakati akachoka yekha panyumba, nkhaniyo ndi ya ankhoswe. Abwere anu, tikambirane." Ndamukumbutsa kuti ankhoswe anga ali ku Dedza, ndipo sitima ndi ya sabata yamawa, ngati ibwere. Akuti iye wangotumidwa. Wafunsanso, motsitsa mawu, za nkhani ija yokweza kompyuta pa boti.

Mwana akhoza kubadwa ankhoswe asanakwere n'komwe basi.

Posowa chochita ndakhala pansi ndi bokosi. Ndakokota zonse, ndadula waya wa kuwala kwa buluu, ndamangirira kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu pomwe pamalowera mphepo. Kenaka mvula yoyamba yagwa, kwazizira.

Ndayatsa. Ikuyenda! Osewera abwezeredwa nkhope zawo, mpira sukuganizanso, bokosi lili zizirii. Gemu yoyamba, yachiwiri, yachitatu, osazima. Vuto lonse latha, ndipo palibe womuuza. Ndagoletsa chigoli chokongola kwambiri pa moyo wanga, ndatembenuka kuti ndione ngati wina waona. Kuchipinda chitseko chili chotsekula, bedi loyalidwa mbali imodzi.

Ndamusowa Esita. Ndasowa ngakhale kusayankhula kwake.

Ndazimitsa. Mvula ikakata ndinyamuka kupita ku Yofu ndekha, wopanda nkhoswe. Ndikudziwa kuti m'nyumba sandilowetsa. Akandisiya panja, panja pomwepo ndikhala.