Nkhondo ya a Elifala ndi a Bulakeni

Kwathu kuno, kuseri kwa Kasakula, ukafuna kufika msanga kumene ukupita sunkayenda ndi a Elifala. Miyendo anali nayo yabwinobwino, koma panali chomera chimodzi chimene sankatha kuchidutsa osachimenya. Mukuchidziwa, chija chimamera m'mapiri, masamba ake onga nthenga, chikamaphuka nsonga yake yopindika ngati chibakera cha khanda. Akangochiona, kaya ali paulendo wa kumaliro kaya avala jekete ya kutchalitchi, ankapatuka ndi chikwakwa chawo. Iwe unkangoima pamsewu n'kumamva akuchilalatira ngati mkamwini waulesi.

Chidanichi chinayamba ndi mathole. A Elifala anali ndi ng'ombe zochepa, koma ankazilemekeza kuposa abale awo ena. Chaka china mvula inachedwa, msipu unatha, phiri linapsa, ndipo choyamba kuphuka palupsapo chinali chomerachi. Ana a ng'ombe, poona zobiriwira, anachidya masabata angapo. Kenako thole lina lofiira, limene mkuluyu ankalikonda koposa, linasiya kudya. Thupi linatentha, magazi anayamba kutuluka m'mphuno ndi m'ndowe, ndipo linafa. Thole lachiwiri linatsatira.

Kwa a Elifala nkhaniyi sinafune kuganiza kwambiri: ng'ombe situluka magazi popanda bala, pokhapokha pali dzanja la munthu. Munthuyo anamupeza msanga. Anali a Solomoni, mnansi wawo amene anakulira naye limodzi, amene ankaimba naye besi mu kwaya, koma amene anali atakangana naye za malire a munda. Anasiya kuwapatsa moni. Mu kwaya anasamukira kwa oimba tena, chonsecho mawu a tena analibe, moti nyimbo zonse za mwezi umenewo zinavulala.

Akazi awo, a Lenia, ndiwo anaitanitsa mlangizi wa ziweto, mtsikana wa njinga yamoto dzina lake Sharon. Iye anaona mathole otsala, anafunsa kumene amadya, n'kukwera nawo phiri. Kumeneko anathyola tsamba limodzi n'kufotokoza kuti poizoni wa chomerachi amaunjikana m'thupi pang'onopang'ono n'kuwononga magazi, ndipo ng'ombe zazing'ono ndizo zimagwa msanga. Anati thole likafika potuluka magazi, kawirikawiri mankhwala amakhala atachedwa. Chofunika chinali kutsitsa otsalawo paphiripo tsiku lomwelo.

A Elifala anakhala chete, chinthu chimene a Lenia akuti anali asanachionepo.

"Ndiye kuti si a Solomoni?" anafunsa.

"A Solomoni ake ati, agogo?"

"Ayi, palibe. Mwati dzina lake ndani mkuluyu?"

"Kusukulu tinkati bulakeni."

"A Bulakeni," anatero a Elifala, akuyang'ana tsambalo kumaso. "Chabwino. Tadziwana."

Atatsitsa mathole, anagwira tambala n'kupita naye kwa a Solomoni. Kupepesa ndi pakamwa sanakuphunzire. Anangoti tambalayu wakhala akuyang'ana kuno masiku onsewa, mwina kwawo n'kuno. A Solomoni analandira, n'kunena kuti kwaya yavutika mokwanira. Asanatsanzike, a Elifala anawauza kuti nawonso atsitse ng'ombe zawo, ndipo anapita limodzi kukazikusa.

Nkhondo inayamba ndi moto. Sharon anali atawachenjeza kuti moto suthandiza, koma iwo anati mtsikanayo amadziwa za ng'ombe, za nkhondo asiyire amuna. Anatentha mbali yonse ya phiri. Pasanapite nthawi a Bulakeni anaphuka onenepa ngati athiridwa feteleza, udzu wonse utafa. Pamenepo a Elifala anatenga khasu n'kuyamba kukumba mizu, n'kumaiunjika pafupi ndi khola kuti mdani achite manyazi. Sharon podutsa anatsala pang'ono kugwa panjinga. Anawauza kuti mizuyo nayo ndi poizoni, mwinanso woposa masamba, ndipo iwo aiika pakhomo penipeni pa mathole. Tsiku limenelo tinawaona akusenza mulu wonse kupita nawo kudzenje, akudandaula kuti mdaniyu ngophunzira.

Pomaliza anamvera malangizo: kudula nthawi iliyonse chikaphuka mpaka chitope, ndi kusunga mapesi ndi masangwi a mtedza kuti ng'ombe zisamapite kuphiri ndi njala. Kuyambira pamenepo chikwakwa sichinachokenso m'manja mwawo.

Za ukwati wa mdzukulu wawo Hope, ku Dzoole, anthu amasekabe. Amayi a kumeneko anakongoletsa khomo la tchalitchi ndi masamba obiriwira okongola, ndipo simukufunika kuuzidwa kuti anali masamba anji. A Elifala anafika atatchena, anayang'ana m'mwamba, n'kuima chilili. Anati mdzukulu wawo sangalowe m'banja podutsa pansi pa chigawenga. Abusa anayesa kuwakumbutsa kuti mkwatibwi si thole ndipo sadya zokongoletsa, koma mkuluyu sanasunthe. Mzere wonse unaima padzuwa, mkwati akutuluka thukuta. A Lenia ndiwo anathetsa nkhaniyo. Anawanong'oneza kuti akalowa mwaulemu, mwambo ukatha masamba onse ndi awo. Analowa, n'kukhala mwambo wonse thumba lili pamiyendo. Ameni womaliza asanafike pansi, iwo anali atakwera kale pabenchi. Pa zithunzi zonse za ukwati umenewo, kumbuyo kwa akwati kukuoneka miyendo ya a Elifala.

Tinkawaseka, inde. Koma chilala chitabweranso, ankayenda khola ndi khola kufunsa kuti mapesi mwasunga kuti. Ena tinkabisala m'nyumba tikamva mawu awo, iwo n'kukhala pakhonde mpaka titatuluka. Amene analibe chodyetsa ng'ombe anamutsegulira udzu wa m'mphepete mwa dimba lawo. Chaka chimenecho phiri linaphukanso chimodzimodzi, koma m'mudzi mwathu simunafe thole n'limodzi lomwe. A Elifala anapita m'munsi mwa phiri kukawauza a Bulakeni nkhaniyi pamaso.

Anatisiya chaka chatha titangokolola, atadwala kanthawi kochepa. A Solomoni ankakhala pambali pawo masana onse, akukanganabe za malire aja mwachizolowezi. Pamaliro anayesa kuimba besi okha, koma vesi yachiwiri inawakanika, ndipo kwaya inawadikira.

Chomeracho chilipobe. Mbali ya phiri imene ankadula kwambiri chachepa, udzu wabwerera, koma kwina chikukula mwaufulu. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano lupsa likangoyamba kubiriwira, anthu amatsitsa mathole kudambo popanda wowakalipira, ndipo padenga pa khola lililonse pali mulu wa mapesi. Sharon akuti akapita kumidzi ina amayamba ndi nkhani ya a Elifala, chifukwa anthu akaseka ndi pamene amamva.

Koma mudzi wazizira. Tsiku lina ndinakumana ndi a Lenia kuchigayo, ndipo ndinawafunsa mmene akukhalira.

"Zaka zonse zija ndinkapempha Mulungu kuti andipatseko tsiku limodzi lachete," anatero. "Wandipatsa ochuluka kwambiri."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kundipempha kuti ndiwasenzetse ufa. Anati sangachedwe, ng'ombe yawo ina yatsala pang'ono kuswa.