Tsiku limene ndinafufuta ukwati wa a Mbewe

Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wangawu unakula m'chaka chimene m'masitolo a ku Zvishavane, kudziko la Ashona kuno, munatsala mashelefu okha, ndipo nkhonyayo ndinadzimenya ndekha.

Ana a mpingo wathu wa ku Makwasha anali atabalalikira ku Joni ndi ku Mangalande. Iwowa anakonza gulu la imelo loti tizimverana za maliro ndi maukwati, ndipo anasankha ine, kalaliki wakale wa pamgodi, kukhala mlonda. Kalata iliyonse inkayamba yandipeza ine isanafike kwa ena. Magetsi akayaka, ndinkavala tayi (inde, tayi) n'kupita pa kafe ya intaneti kukaweruza.

Ndinayamba ndi kufufuta zotukwana. Kenaka za ndale, ndipo pamenepo palibe anadandaula, pakuti masiku amenewo khoma linali ndi makutu. Kenaka miseche. Pomaliza ndinkafufuta chilichonse chimene sindikanachiwerenga pa guwa.

Tsiku lina inafika kalata ya a Nabanda, mayi wogulitsa m'misika ku Joni: "Nyani wokalamba wa ku Lalapanzi uja wapeza womupusitsa. Loweruka lomaliza la mwezi uno bwerani ndi shuga, mpunga ndi mafuta, mudzalire naye mkaziyo." Sindinaiwerenge kawiri. Ndinaifufuta ndi mtima woyera.

Loweruka lija ndinali ku Lalapanzi, pa ukwati wa a Mbewe, mnzanga wamasiye (ine anandiitana pakamwa). Mkwati ankangosuzumira kumsewu. Basi ya ku Joni inadutsa osatsitsa munthu. Alendo tinamwa tiyi wopanda shuga, aliyense akuyamikira mwaulemu kutentha kwake.

"Ndinatuma a Nabanda kuti alengeze," anatero a Mbewe. "Kodi kalata simunaione, akulu?"

"Ndinaona ina yokunyozani, ndipo ndinakutetezani."

"Munanditeteza kwa msuweni wanga? Sahwira wanga, monga Ashona atchulira mnzako wonyozana naye moseka? Tsiku limene adzandilemekeze mayi ameneyo, mudzadziwe kuti tadana."

Mkwatibwi anandiwonjezera tiyi.

Gulu linagamula kuti ulonda uthe. Kalata zizidutsa momwe zalembedwera. Wopwetekedwa azikadandaula kwa ankhoswe awiri, bambo ndi mayi, odziwa mibadwo ya mabanja onse, ndipo wolakwa azipepesa pamaso pa gulu. Woyamba kupepesa ndinali ine. Ndinalemba masamba atatu, ndi mavesi omwe.

A Nabanda anayankha mzere umodzi: "Kadzidzi wa tayi walapa, mpatseni shuga anyambite."

Ndinathamangira kwa ankhoswe kukasuma. Ankhoswe aakaziwo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Sekuru, agogo athu, akunyozani pagulu? Ndiye kuti akukhululukirani. Pitani kwanu."

Ndinapita. Koma kunena zoona, mawu oti kadzidzi aja ndikanawachotsabe.