Galimoto ya Nagama Ikumva Chisanu

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musandiseke ndisanamalize. Ndinalota kuli masana, chiperoni chikuwaza, ine nditatsekula boneti ya galimoto yakale ija, imene malemu mkazi wanga Nagama ankapitira kusukulu kokaphunzitsa. Vuto lake mukulidziwa: singano ya geji ya kutentha siidzuka, utsi ndi wakuda, petulo ikumwa ngati mchenga. Mwana wanga Mwaiwawo ananena kale kuti ikapanda kuchira pofika Loweruka, tsiku lokavundukula chiliza cha amayi ake ku Ntcheu, tikwera basi, ndipo galimotoyo tigulitsa kwa okhoma mbaula.

Ndiye injini ija inayetsemula, n'kundipempha bulangete. Ndinavula jekete n'kuifunditsa. Inathokoza mwaulemu, koma inati chisanu chake n'cham'kati. Ndinagwira paipi yopita ku redieta, n'kupeza yafunda kale pamene injini yangolira kumene. Redieta naye anayamba kudandaula kuti sapuma, madzi amangomudutsa tsiku lonse ngati anthu a pamsika, palibe wokhala pansi.

Mwadzidzidzi ndinali pa mtunda wa ku Dedza ndikukankha galimoto ndekha, ndiye wapolisi wa pamsewu anandiimitsa kuti ndimuonetse chiphaso cha kutentha. Ndinati sindinamvepo za chiphaso chotero. Akundiyankha, khosi lake linayamba kutalika mpaka anasanduka kakowa, chipewa choyera chili pamutu pomwepo. Anajompha geji kawiri, n'kunena kuti geji sikunama, galimotoyi ndi yoziziradi, mlandu wake ukazengedwa ku ofesi.

Ofesiyo inali m'kati mwa redieta. Makalaliki onse anali achule, atakhala m'madzi ofika m'chiuno, ndipo bwana wawo anali fulu wovala tayi. Anaitana mboni, ndiye analowa Lifa, makaniko wathu wakalekale, ovolosi yake ikusinthasintha mtundu ngati nanzikambe. Sanabise. Anati ndi iyeyo amene anachotsa themositati, kachitseko kachitsulo kamene kamatsekera madzi mu injini mpaka atatentha.

"Kuno n'kotentha kale, bwana," anatero. "Tinthu timeneti n'ta kumayiko a chisanu. Tonse timachotsa."

Achule anawomba m'manja. Fulu anaganiza nthawi yaitali, ndiye anagamula kuti popeza galimotoyo ikufuna kutentha, ikhale mbaula.

Ndinafuna kutsutsa, koma m'kamwa mwanga munali mutadzaza mabatani. Ndikuwalavulira m'manja, mwadzidzidzi ndinapezeka pa mpando wakutsogolo, galimoto ikuyenda. Pa chiwongolero panali Nagama, atavala juzi yake yobiriwira ija. Sanandiyang'ane. Iye ndi msewu basi, monga kale. Ndinamufunsa ngati kumene aliko kumazizira. Anati limenelo si funso la galimoto.

"Abambo a Mwai, munandionapo ine ndikutaya chinthu?"

Ndinati ayi.

"Kachitseko kaja Lifa anakaponya m'ngalande. Ine ndinatola."

"Nanga kali kuti?"

"Zonse ndizikuuzani ine? Batani la malaya anuwo linagwa chaka chatha, mpaka lero simunasokerere."

Ndiye anaimitsa pa Bembeke, anati akukagula kachewere, ndisazimitse injini. Ndinamudikira. Amayi ogulitsa anasanduka nkhanga n'kuuluka ndi mabeseni awo, nkhungu inatseka msewu, ine ndili chidikirire. Ndiye injini inayamba kuimba mluzu, woonda, wosalekeza.

Inali ketulo. Mwaiwawo ankawiritsa madzi a tiyi kukhitchini, kunja kutayera.

Chitini cha mabatani cha Nagama chimakhala pamwamba pa kabati, ndipo chimalizireni maliro ndinali ndisanachikhudze. Ndinachitsitsa. Pansi pa mabatani panali kachitseko kachitsulo kaja, kokulungidwa m'kachidutswa ka chitenje. Ndinakaika m'poto n'kukathira madzi owira a m'ketulo muja. Kanayasama pang'onopang'ono, ndipo nditakavuula kanatsekanso. Mwai anandifunsa chimene ndikuphika. Ndinangomuuza kuti a mbaula asawaitane kaye.

Ndiye a Chimbalanga, bawo ya lero musewere nokha. Ine ndadzera masipanala anu aja, injini ikundidikira.