Odi wa pa Phiko la Ndege

Ndani akuseka kumeneko? Bwerani poyera museke ndikukuonani. Ndamva zonse, makutuwa anakalamba koma sanafe: akuti madala a Namakhwa asinthitsa tikiti yobwerera kumudzi kawiri chifukwa akuopa ndege, akuti Lachisanu likubwerali tidzachita kuwanyamula ngati thumba la chimanga. Ndipo wafalitsa ndikumudziwa, ndi make Esinati awa akhala apa ngati sakudziwa kanthu, chonsecho akhala akuonetsa mkono wawo azimayi onse a mpingo wa kuno ku Annandale kufupi ndi Washington, amvekere taonani zala za bambo anu, anandigwira kuchokera pa Chileka mpaka London. A Tembo, siyani kaye nyamayo, siipserera. Mumve za ndege zenizeni, osati mabasi akudutsa pamwambawa.

Ine ndinakwera ndege bambo ake a mkamwini wangayu asanadziwe nsapato. Nthawi imeneyo ndinali wosenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri la Mulanje, anzanga limodzi limodzi, ine asanu ndi limodzi pamutu pomwepa, ndipo ndikamatsetsereka anyani ankapatuka okha. Tsiku lina m'mawa ndikufika kumunsi ndinapeza chinthu chagwa m'munda wa tiyi, mapiko anayi a nsalu ndi timitengo, chomangidwa ndi mawaya ngati khola la nkhunda, chofanana ndendende ndi chija adzukuluwa anandionetsa chitapachikidwa kudenga m'nyumba ya ndege mu Washington muja, amvekere, “Grandpa, don't touch!” Don't touch kwa ine, amene ndinachikhoma misomali! Mwini wake anali mzungu wowonda, tinkamutcha Chimphepo, ndipo anali atalumbira kwa anzake ku Zomba kuti akhala woyamba kudutsa pamwamba pa Sapitwa, kunsonga kuja kumene makolo anati sikupitidwa, koma phiko limodzi linali litathyoka. Ndinatula matabwa anga, ndinakhoma phiko latsopano dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo ndegeyo inanunkhira mkungudza moti udzudzu wonse wa m'boma lathu unasamukira kwa Apwitikizi. Mukumva?

Chimphepo anati kwera, iwe phirili ukulidziwa. Ndinapukusa chopalasira mphepo chakutsogolo chija ndi dzanja limodzi, ndege inanyamuka kundisiya, ndinaithamangira, ndinaipeza itadutsa kale nsonga za mibawa, ndinadumpha n'kukhala pampando wakumbuyo, mpweya osandithera n'komwe.

Tsono nkhani ili apa. Aliyense wakwathu amadziwa kuti phiri lija lili ndi eni ake. Sulowa ngati ukulowa m'golosale, umayamba wagwada, kuwomba m'manja, kunena odi. Ndinamuuza mzungu uja. Anaseka, akuti kumwamba kulibe khomo. Asanatseke pakamwa chiperoni chinatifunda, nkhungu yokhuthala moti chopalasira chija chinkaidula zibenthuzibenthu zikugwa ngati makaka a chinangwa, mzungu osaona ndi mphuno yake yomwe, kasingano kolozera njira kakuzungulira ngati kamwa kachasu, ndipo kutsogolo kwathu ndinamva phiri likutsokomola. Pamenepo ndinachita mantha, sindibisa, koma sanali mantha a ndege ayi, anali mantha a mwano umene tinachita.

Ndinatuluka, ndinakwawa pa phiko langa la mkungudza dzanja limodzi litagwira waya, mphepo inandivula malaya n'kukawaponya ku Phalombe kumene mkulu wina akuvalabe popita kutchalitchi, ndinagwada n'kufuula kuti, “Odi, eni phiri! Ndife ana anu, tikungodutsa!” Kunali zii. Ndinafuulanso. Zii. Ndiye ndinadzimvera manyazi, poti ndinakumbukira kuti mwana woleredwa bwino sapereka ulemu ndi dzanja limodzi. Ndinasiya waya uja, n'kuwomba m'manja ndi manja onse awiri, katatu.

Eya, mwadziwa kale. Ndinagwa.

“Mudala, manje parachute munalibe?” Mwawamva a Tembo, funso la munthu wa ku Lusaka kopanda phiri! Ambulera ya chiyani kwa munthu woti wanena kale odi? Ndinagwa, abale anga, ndinagwa mpaka ndinatopa nako kugwako, ndinagonako pang'ono, ndinadzuka ndikugwabe, koma m'manja osasiya kuwomba, ndipo eni phiri ataona kuti mwanayu akufa ndi ulemu wake anang'amba nkhungu ija pakati, Sapitwa anaweramitsa mutu kuti ndege idutse, n'chifukwa chake mukamuyang'ana lero ali ndi kalinunda, ine ananditchera mtambo wonenepa, ndinatera pofewa, pamtambopo ndinapeza nthochi zakupsa atandiikira pa tsamba, ndinadya ndekha osaitana munthu monga mwa lamulo la phirilo, ndipo ndili pa nthochi yachitatu ndinaona Chimphepo akudutsa pansi panga akulira chokweza, akuitana dzina langa, ndiye ndinangotsetsereka n'kugwera pampando wanga, n'kumupatsa khoko kuti apukutire misozi. Mukumva? Ndinganame ine, ndi imvi izi, ndangochoka kumene m'tchalitchi?

Chisangalalo chake tsiku limenelo! Tinatera kuseri kwa phiri, amayi akululutira, mzungu akuvina tchopa ndi nsapato zake zazitali zija mpaka anatsomphoka bondo, ndipo kuyambira pamenepo ankati akayandikira phiri lililonse, ngakhale chulu chachikulu, amavula chisoti n'kukuwa kuti “Oodi!” ngati mbuzi yomangidwa. M'mabuku analemba dzina lake lokha. Sindidandaula, phiri likudziwa amene anawomba m'manja.

Ndiye munthu wotere mukuti aziopa ndege ya mipando yawofuwofu, yokhala ndi atsikana ogawa tiyi? Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndikatsinzina m'ndege muja ndi ulemu chabe: tikudutsa pamitu pa mapiri a eni ake usana wonse, palibe ndi mmodzi yemwe wonena odi, woyendetsa akungolankhula za nyengo, ine ndiziyang'ana pansi ngati ndavomereza mwanowo? Za mkono wa make Esinati ndiye musandifunse n'komwe. Munthu amene anasiya waya kamodzi n'kugwa theka la tsiku, mumuuze kuti asiye chimene wagwira?

“Nanga thukuta lija, bambo, ndi nyimbo za maliro munkaimba zija?” Mwawamva make Esinati?

Mayi inu, idyani nyama. Munali kutentha m'menemo, ndipo nyimbo ya Mulungu ilibe malo.

Lachisanu ndikwera. Ndikwera ndikuyenda ndekha, chipewa pamutu, ndipo mukafuna ndikalowa kutsogolo ndikawaphunzitse anyamata aja mayendetsedwe ake. Esinati mwana wanga, usasinthenso tikitiyo, wamva? Aliyense wokayika abwere adzandiperekeze, adzaone ndi maso ake.

Pitani mukatenge mbale, nyama yapsa. A Tembo, inu tsalani. Sendererani kuno, adzukuluwa asamve. Inu mumagwira ntchito ku banki yaikulu ija, mumadziwana ndi anthu. Kodi ku doko la Baltimore kuja kulibe sitima ya pamadzi yopita ku Beira? Ngakhale yonyamula feteleza, ine ndikhala pamatumba.